Galimoto ya bambo itagona zaka zinayi m'chigafa

Uthenga unalowa pa WhatsApp Lachitatu usiku, ndili kale pabedi ku Lilongwe. Anali mlongo wanga wamng'ono, amene anatsala kumudzi ndi amayi. Anatumiza chithunzi cha kiyi ali m'dzanja lake, pansi n'kulemba kuti: "Asisi, mawa ndiiliza. Batire ndabwereka la sola."

Ndinadzuka n'kukhala tsonga. Kiyi ameneyo ndingamuzindikire ngakhale mumdima. Ali ndi kachingwe kachikopa kamene bambo anamangirira okha, ndipo chiwaikireni m'manda mu Januwale 2021, ankakhala m'kabati ya amayi, kuseri kwa makapu a alendo. Galimoto yake ndi kapikapu ka Nissan 1400, kamene kale kanali koyera koma tsopano kanafiira ndi fumbi la kwathu kwa Lukwa, m'boma la Kasungu. Bambo anakagula kwa munthu wina mu 2008, kogwirapo kale ntchito, ndi ndalama za fodya wa bale. Chaka chomwecho ndi chimene ku South Africa anasiya kupanga mtundu umenewu, umene anauyamba mu 1971 ukutchedwa Datsun 1200. Bambo atayamba kudwala anakalowetsa kumapeto kwa chigafa kuti kasanyowe ndi mvula. Panalibenso wina wodziwa kuyendetsa, choncho kanakhala pomwepo.

Ndinamuimbira nthawi yomweyo. "Usaigwire mpaka ndibwere," ndinatero. Kunena zoona, za injini sindinkadziwa kalikonse. Chimene chinandiopsa n'chakuti unali mwezi wa Epulo, ndipo m'chigafamo munali mutapachikidwa fodya wouma wa chaka chonse, denga lake laudzu, mbali ina mutaunjikidwa wina wodikira kusankhidwa. Ndalama ya feteleza, ya aganyu ndi ya mankhwala a amayi inali m'masamba amenewo. Mwana ankafuna kuliza galimoto pansi pake.

Mlongo wangayo si wopusa. Ali ndi zaka 22, anaphunzira kuyendetsa galimoto ku boma, ndipo chifukwa chake chinali chomveka. Amayi amapita kuchipatala mwezi uliwonse kukayezetsa BP, ndipo amakwera kabaza wa njinga yamoto, mvula kaya dzuwa. Amalume anali atayamba kale kunena kuti galimotoyo igulitsidwe kwa anyamata ogula zitsulo zakutha, amene anatchula ndalama yosakwana n'komwe matumba atatu a feteleza. Ndiye chitsikireni mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndani pabanja pathu angagulenso galimoto ina? Iye anaona kuti ikangolira kamodzi, nkhani yogulitsa itha.

Vuto linali aphunzitsi ake. Anali ataonera mavidiyo ambirimbiri pa YouTube ndi TikTok, a anthu amene amapeza chigalimoto m'tchire, n'kuchimangirira batire, kuthira petulo mu kabuleta, pakangopita mphindi khumi chalira, onse n'kumakuwa. Mavidiyo amenewo amakoma, inenso ndimaonera. Koma saonetsa masiku amene anadulidwa pakati, ndipo injini ikawonongeka eni ake sadandaula, poti anaitola. Yathuyi ndi imodzi yokha.

Ndinafika kumudzi Lachinayi madzulo, pa tchuthi cha Pasaka. Amayi anali ataitanitsa kale mkulu wina wa mudzi woyandikana nafe, amene anakalambira pa ntchito yokonza mathirakitala ndi malole m'maesiteti a fodya a ku Kasungu. Anabwera Loweruka m'mamawa pa njinga yakapalasa, masipanala ali m'thumba la feteleza. Atapatsana moni ndi amayi n'kumwa tiyi, anatembenukira kwa mlongo wanga.

"Kiyi ali kuti, mwana wanga?"

Anamupereka ndi manja awiri, nkhope ili mwee, akuganiza kuti zayambika. Mkuluyo anaika kiyi m'thumba la malaya n'kumanga batani.

"Ameneyu agona kwa ine mpaka Lolemba."

Ntchito yoyamba inali kuitulutsa. Matayala onse anayi anali ataphwa, moti tinasinthana kupopa ndi pampu ya phazi mpaka thukuta kamukamu. Titati tikankhe, galimoto inakana. Bambo anaisiya atakoka handibuleki, ndipo kwa zaka zinayi mabuleki akumbuyo anali atamatirira ndi dzimbiri. Mkuluyo anagogoda pang'onopang'ono kuseri kwa tayala lililonse ndi hamala, ataikapo kathabwa, ife tikuigwedeza kutsogolo ndi kumbuyo, mpaka panamveka kuti tha! Kenako ng'ombe zapangolo za amalume zinaikokera pansi pa mtengo wa mango, kutali ndi chigafa, mbali imene mphepo imalowera kuchoka ku chigafako. Anatiuza kusesa masamba onse ouma mpaka patsale dothi lokhalokha, n'kuika pambali ndowa ziwiri za mchenga. Ine ndinabweretsa ya madzi, iwo anapukusa mutu. Petulo amayandama pamadzi. Mukathira madzi pamoto wa petulo ndiye kuti mwaupatsa miyendo.

Ngakhale kukanakhala kuti mulibe fodya, anatero, injini siilizidwa malo otsekeka. Utsi wake uli ndi mpweya wa carbon monoxide, wosanunkha komanso wosaoneka, umene umagonetsa munthu asanadziwe kuti akufa. Inu a m'tauni amene galimoto yanu yagona m'galaja ya zitseko, yambani mwaikankhira panja.

Asanatsegule boneti anaimenyamenya ndi ndodo, n'kudikira. Njoka zimakonda malo otere. Mwamwayi simunatuluke njoka, koma zimene tinapezamo zinali zokwanira. Makoswe anali atamanga mudzi. M'chibekete cha sefa ya mpweya, pamwamba penipeni pa kabuleta, munali makoko a mtedza, njere za chimanga, tizidutswa ta chiguduli ndi ulusi wosokera fodya. Injini ikanangopuma kamodzi, zonsezo zikanalowa mkati. Mawaya atatu anali atatafunidwa mpaka mkuwa kuonekera, ndipo imodzi inali itagona pachitsulo. Kumbuyo, mavu anali atamata dothi kukamwa kwa ekizozi. Mlongo wanga anangoti, "Aaa," n'kuyamba kujambula.

Apa ndi pamene mkuluyo anatikhazika pansi n'kutifotokozera chifukwa chimene analandira kiyi, ndipo ndiyesa kuchinena monga ndinachimvera.

Injini ikamalira, zitsulo za mkati mwake sizikhudzana. Pakati pa chitsulo ndi chinzake pamakhala oyilo wopyapyala kuposa pepala, amene pampu imamukoka pansi, mu sampu, n'kumukankhira m'tinjira ting'onoting'ono mpaka pamwamba. Mukazimitsa, oyiloyo amayamba kutsetserekera pansi. Ikagona usiku umodzi, ngakhale sabata, palibe vuto, amatsalirako wokwanira. Koma zaka zinayi? Pamwamba ponse pamauma. Komanso injini ikaima, pamakhala mavalavu ena amene amatsala otsegula, ndiye chinyezi cha dzinja lililonse chimalowera pamenepo n'kuyala dzimbiri m'makoma a masilinda. Maring'i a mapisitoni amamatirira ku dzimbiri limenelo. Ndiye bwerani ndi batire lamphamvu. Sitata sidziwa kunyengerera, imakoka ndi mphamvu zake zonse. Ring'i imathyoka, khoma la silinda limakalika, valavu yomatirira imapinditsa kachitsulo koikankha, ndipo mabering'i amazungulira ouma. Injini ikhoza kulira ndithu tsiku limenelo, anthu n'kuwomba m'manja. Pakatha milungu iwiri mumangomva kuti yanoka.

"Munthu amene wagona miyezi akudwala, tsiku lodzuka mumamupatsa khasu?" anafunsa. "Mumayamba mwamukhazika tsonga. Kenako kaphala."

Kukankha kuti ilire, kumene ambirife timathamangira batire likafooka, anati ndiye koipitsitsa. Kulemera konse kwa galimoto kumagwera pa injini youma, ndipo ikalira muli kale paulendo, mabuleki musanawayese.

Anasolola dipisitiki n'kutionetsa. Oyilo anali wakuda bii, wolemera ngati uchi, koma mkuluyo anakondwa. Chimene ankaopa ndi oyilo wooneka ngati tiyi wamkaka, chifukwa ameneyo amatanthauza kuti madzi alowa mu injini, ndipo ntchito ikanakhala ina. Anamasula boti ya pansi n'kusiya oyiloyo akudontha m'beseni lakale tsiku lonse, poti wozizira amatuluka mwaulesi. Sanalowe kunsi kwa galimoto itangokhala pa jeke yokha, ndipo njerwa zimene mlongo wanga anabweretsa anazikana, akuti zimaphwanyika mosachenjeza. Anaikira zitsa ziwiri zikuluzikulu. Oyilo wakaleyo amalume anamutenga kukapaka mitengo ya khola poopa chiswe, atalonjeza kuti safika naye pafupi ndi chitsime.

Kenako mapulagi. Asanazule waya ngakhale imodzi anauza mlongo wanga kuti ajambule ndi foni momwe mawayawo akhalira, ndipo apa foni inagwira ntchito yake. Masilinda anayi a injini imeneyi sayaka motsatana ngati powerenga. Amayaka loyamba, lachitatu, lachinayi, kenako lachiwiri, ndipo mukasokoneza mawaya awiri okha mudzatha batire osadziwa cholakwika. Anapemerera fumbi lozungulira pulagi iliyonse kuti lisagwere mkati, n'kuwamasula onse anayi. M'bowo lililonse anathiramo oyilo watsopano wokwana supuni yaing'ono. Anachotsanso chivundikiro cha pamwamba pa injini n'kuthira oyilo pa tizitsulo tonse toyendetsa mavalavu, timene tinali touma ngati mafupa.

Giya ili pa nyutulo, matayala atatsekedwa ndi miyala, anaika sipanala yaitali pa boti ya pule yapansi, kutsogolo kwa injini, n'kukoka mbali imene mivi ya wotchi imayendera.

Sinasunthe.

Mtima wanga unagwa. Amalume anatsokomola mwa njira imene ndimaidziwa, yotanthauza kuti ndinanena ine. Mlongo wanga anathamangira kukatenga paipi yoti awonjezere pa sipanala kuti mphamvu ichuluke, koma mkuluyo anamuletsa. Anawonjezera oyilo pang'ono m'mabowo muja, n'kuwatseka ndi tinsanza toyera.

"Isiyeni imwe. Tili ndi ntchito ina."

Ntchito inayo inali petulo, ndipo apa ndinaphunzira chinthu chimene sindinkachiganizira ngakhale ndimakwera minibasi tsiku lililonse. Petulo amene timagula m'Malawi muno amasakanizidwa ndi ethanol, wopangidwa kuchokera ku zotsalira za nzimbe. Dziko lino linayamba zimenezi kale, mu 1982, pamene fakitale ya ku Dwangwa inatsegulidwa, ndipo ina ya ku Chikwawa inabwera mu 2004. Kwa galimoto yoyenda tsiku ndi tsiku palibe chodandaulitsa. Koma ethanol amakoka chinyezi cha mumpweya. M'thanki yosadzaza, imene yakhala madzinja anayi, madziwo amachuluka mpaka amapatukana ndi petulo n'kukhala pansi, pamene paipi imakokera. Thanki yachitsulo imachita dzimbiri mkati. Petulo weniweniyo naye mbali yake yopepuka, imene imayaka msanga, imauluka, n'kutsala zinthu zomata ngati ulimbo zimene zimatseka timabowo ta mu kabuleta.

Atatsegula chotsekera thanki anandiuza kuti ndinunkhize chapatali. Silinali fungo la petulo. Linali ngati la vanishi wopaka mipando. Zimene zinatuluka m'thankimo zinali zofiirira ngati tiyi wopanda mkaka, pansi pake pali madzi ndi tizidutswa ta dzimbiri. Mlongo wanga anati tikoke ndi pakamwa kudzera pa paipi monga amachitira anyamata ogulitsa mafuta m'zigubu. Anakanizidwanso. Petulo akalowa m'mapapo, ngakhale pang'ono, amavulaza koopsa. Mkuluyo anamasula paipi ya pansi n'kukhetsera m'chigubu, chimene anachitseka n'kuchiika kutali ndi khitchini. Thanki anati ichotsedwe ikatsukidwe tsiku lina, ndipo munthu asadzayerekeze kuiwotcherera ngati yabooka, chifukwa thanki yopanda kanthu ndi imene imaphulika. Mapaipi a labala onse a mafuta anali olimba ngati mtengo, ndipo atapinda imodzi inang'ambika m'manja mwawo.

Nthawi yonseyi amalume anali atakhala pa chitsa chapafupi akupichira chingambwe chawo. Atangotulutsa machesi, amayi ndi amene anakuwa ali pakhonde: "Achimwene, kokasutani kuseri kwa nkhokwe uko!" Anapita akung'ung'udza.

Za madzi sizinatitengere nthawi. Bambo ankathira a pamjigo mu ladiyeta, ndiye zimene zinatuluka zinali zofiira ngati za m'chithaphwi. Tinatsuka mpaka anayamba kutuluka oyera. Fanibeluti inali ndi ming'alu, tinailemba pa mndandanda. Masana ine ndi mlongo wanga tinakwera kabaza kupita ku boma kukagula oyilo wa 20W-50, sefa ya oyilo, sefa ya petulo, mapulagi anayi, paipi ya mafuta, fanibeluti, tepi ya mawaya ndi malita asanu a petulo. Zonse pamodzi sizinafike pa mtengo wa foni imene ndinali nayo m'manja.

Lamulungu tinapita kutchalitchi. Pobwera ndinapeza amayi ataima pa mango paja, dzanja lili pa chitseko cha galimoto. Anayamba kundiwerengera anthu amene inawanyamulapo: amayi oyembekezera pakati pa usiku, mwana wa aneba amene analumidwa ndi njoka, akwati, mabokosi a maliro osawerengeka. Bambo sankalipiritsa maliro, ankangoti thirani mafuta. "Ikakana, ikane," anatero amayi. "Koma isapite kwa a zitsulo tisanayese."

Lolemba mkuluyo anafika dzuwa lisanatenthe. Anaikanso sipanala paja, koma m'malo mokoka mwamphamvu anayamba kugwedeza, pang'ono kutsogolo, pang'ono kumbuyo, ngati munthu wozula chinangwa m'dothi louma. Patapita nthawi sipanala inayenda mwina utali wa chala. Anabwerera, n'kupitanso. Ulendo uliwonse inkapita patali pang'ono, mpaka inazungulira yonse. Anaizunguza kawiri kathunthu, chifukwa pamafunika maulendo awiri kuti valavu iliyonse itsegule ndi kutseka, ndipo anatiuza kuti tiyang'anitsitse pamwamba. Mavalavu onse asanu ndi atatu anatsika n'kubwerera. Anapitiriza kuzunguza mpaka dzanja linkayenda mofewa, kenako anapatsa mlongo wanga sipanala kuti amve yekha.

Anatseka boti ya pansi, anathira oyilo pang'ono mu sefa yatsopano asanaimange, n'kudzaza injini mpaka pa mzere wa dipisitiki. Mawaya otafunidwa aja anawadula n'kuwalumikiza bwino.

Batire lakale la bambo linali litafa kalekale. Batire likakhala lopanda moto miyezi yambiri silitchajikanso. La sola limene mlongo wanga anabwereka analikana, akuti linapangidwira kupereka moto pang'onopang'ono usiku wonse, pamene sitata imafuna wambiri nthawi imodzi. Tinakabwereka la galimoto ya aphunzitsi ena, ndipo mkuluyo analiyeza ndi kamita kake: 12.6, kusonyeza kuti ndi lodzaza. Anayamba kumanga waya wa pulasi, wa mainasi pomaliza, ndipo wa mainasiyo anangomukhudzitsa kaye. Zonse zili zozimitsa, sipayenera kuthetheka moto waukulu. Ukathetheka ndiye kuti pali waya wina amene makoswe anamusenda ndipo simunamuone. Panalibe. Anamanga mosalimbitsa kwambiri, kuti utsi ukangooneka azule msanga, ndipo tinakhala mphindi zingapo tikununkhiza ngati agalu.

Apa ndi pamene anamasula batani la thumba lija.

Koma sikunali kuliza. Mapulagi anali asanabwezeredwe, waya wopita ku koyilo anali atazulidwa kuti pasakhale moto uliwonse, ndipo paipi ya petulo inali yosalumikiza. Anayala chinsanza pamwamba pa mabowo a mapulagi, n'kuuza mlongo wanga kuti apotokole kiyi, awerenge mpaka teni, asiye. Injini inazungulira mopepuka, fyu-fyu-fyu, ikulavulira oyilo wadzimbiri pa chinsanza chija. Cholinga chinali choti pampu ikoke oyilo watsopano n'kumufikitsa paliponse injini isanayambe kunyamula katundu. Maso onse anali pa kagetsi kofiira ka oyilo pa dashibodi. Ulendo woyamba sikanazime. Tinadikira kuti sitata izizire. Wachiwiri, ayi. Wachitatu kanaphethira n'kuzima, ndipo pamwamba pa injini tinaona oyilo woyera akutuluka pa tizitsulo tija.

Anabwezera chivundikiro, anamanga mapulagi atsopano motsatira chithunzi cha pafoni, n'kupukuta mapointi a mu distributor ndi kasandipepala kosalala. Petulo watsopano anamusiya m'chigubu chake pansi, mbali yotalikirana ndi ekizozi, paipi yatsopano ikuchokera m'menemo kudzera pa sefa kupita ku pampu. Thanki yakale sinagwiritsidwe ntchito n'komwe.

Mlongo wanga anali atadula kale kabotolo koti azithirira petulo kukamwa kwa kabuleta wina akupotokola kiyi, monga amachitira m'mavidiyo muja. Mkuluyo sanayankhe. Anangopinda mkono wa malaya n'kumuonetsa chipsera choyera, chonyezimira, kuchokera pa chikhatho mpaka pa chigongono. Injini yogona imakonda kutsokomolera kumbuyo, moto n'kutulukira ku kabuleta, ndipo umakumana ndi botolo lili m'dzanja. Iwo anathira petulo pang'ono ndi sirinji m'kachipinda ka mafuta ka kabuleta, injini ili chete, anapukuta podontha, n'kubwezera chibekete cha sefa ya mpweya pamalo pake, poti chimathandiza kutchinga moto woterowo. Ana onse a m'mudzi amene anali atasonkhana anawabweza mpaka pa nkhokwe.

Koyamba inangozungulira. Kachiwiri chimodzimodzi. Kachitatu inatsokomola kamodzi. Kachinayi inagwira, inanjenjemera ngati ikufuna kuzima, kenako inalira.

Sindinayembekezere kuti ndingalire ndi phokoso la injini. Koma linali lomwe lija, limene tinkalimva lili kutali madzulo n'kudziwa kuti bambo akubwera, tibise zimene tikuchita. Amayi analowa m'nyumba.

Chiutsi chabuluu chinadzaza pansi pa mango, ana akukuwa. Mkuluyo anati tisaope, ndi oyilo uja tinathira m'masilinda, atha yekha. Mlongo wanga phazi linkamuyabwa kuti aponde moto anthu amve, koma anauzidwa kuti aisiye iziyenda pang'onopang'ono, maso pa kagetsi ka oyilo, ndipo kakangoyaka azimitse osafunsa. Mkuluyo ankazungulira, akuwerama, akumvetsera.

Sipanathe mphindi ziwiri. Ine ndinamva fungo la petulo, ndipo ndisanatsegule pakamwa iwo anali atakuwa kale: "Zimitsa! Zimitsa!"

Petulo ankasefukira mu kabuleta n'kumayenderera m'mbali. Mkati mwake muli kansingano kamene kamatseka mafuta kachipinda kaja kakadzaza, ndipo kanali katamatirira ndi ulimbo wa petulo wakale. Pa injini imeneyi kabuleta imakhala pamwamba penipeni pa mapaipi otulutsa utsi, ndiye madonthowo ankagwera pa chitsulo chimene chinali chitayamba kutentha, n'kumachita tsss. Mkuluyo anazula waya wa mainasi, n'kutiuza tonse kuti tifutukire kumbuyo. Tinaima chete, ndowa za mchenga zili m'manja. Sunayake. Ndinatembenuka kuyang'ana chigafa, fodya ali lende mizere yake, mphepo ikumugwedeza pang'ono. Mlongo wanga naye ankayang'ana komweko. Palibe ananena kanthu.

Itazizira, anamasula kabuleta n'kuitsuka kachidutswa ndi kachidutswa pa chiguduli choyera, akupemerera timabowo. Zinatenga maola awiri. Ulendo wachiwiri inalira kamodzi n'kamodzi, ndipo anaisiya pafupifupi mphindi makumi awiri kuti itenthe bwinobwino, akuyang'ana muvi wa kutentha ndi kugwira paipi yapamwamba ya ladiyeta kuti amve ngati madzi ayamba kuzungulira. Utsi unachepa mpaka kutha. Pampu ya madzi inkadontha pang'ono, anati isinthidwe. Mlongo wanga atafuna kutsegula ladiyeta kuti aone ngati madzi atsika, anamumenya padzanja. Yotentha siitsegulidwa, madzi ake amathovokera kumaso.

Mwina yanu si ngati yathuyi. Mwina ndi ya ku Japan ija imene achimwene anu anaisiya pabwalo popita ku Joni. Zambiri n'zofanana, koma dziwani kuti zamakonozi pampu ya petulo imakhala m'thanki ndipo imayamba kukankha mafuta mukangotembenuza kiyi, injini isanalire, ndiye petulo wowola amafika kale kutsogolo. Zina zili ndi lamba wa labala woyendetsa mavalavu, amene amakalamba ngakhale galimoto isakuyenda, ndipo akaduka injini ikulira, pa injini zambiri mapisitoni amawomba mavalavu. Yathuyi ili ndi tcheni. Za dizilo nazo zimafuna kutsuka thanki, kusintha sefa ndi kuchotsa mpweya m'mapaipi. Funsani makaniko amene amaudziwa mtundu wa galimoto yanuyo.

Dzuwa likupendeka, mlongo wanga anati angoizungulitsa kamodzi mpaka pa chigayo, anthu aione.

"Ponda buleki kaye," anatero mkuluyo.

Anaponda. Phazi linapita mpaka pansi ngati waponda nthochi yakupsa. Mafuta a mabuleki nawo amakoka chinyezi, timalabala ta mkati timauma, ndipo kuseri kwa tayala lina lakumbuyo kunali konyowa. Kenako anationetsa manambala anayi olembedwa m'mbali mwa tayala, 2314, kutanthauza kuti linapangidwa sabata ya 23 m'chaka cha 2014. Mapazi ake anali akadali ooneka bwino, koma m'mbali monse munali ming'alu ngati chidendene cha m'chilimwe. Tayala lotere limaphulika mutanyamula anthu. Kiyi anabwerera m'thumba la malaya, koma ulendo uno anakamupereka kwa amayi.

Mkuluyo anakana kutchula mtengo. Anati bambo ananyamula maliro a mkazi wawo. Amayi anawakakamiza nkhuku ndi ndalama yoti agulire sopo, ndipo anagwirizana kuti abweranso fodya akagulitsidwa ku Chinkhoma, adzakonze mabuleki, thanki ndi pampu ya madzi. Matayala awiri ndinalonjeza ine, enawo amalume, amene tsopano akuti ankadziwa kale kuti injini zakale sizifa. Patsalanso mapepala. Bulubuku ikadali m'dzina la bambo, ndiye pafunika makalata a chuma cha masiye tisanapite ku Road Traffic kukasintha umwini, kenako COF ndi inshulansi. Mpaka zimenezo zitatheka, pamsewu siituluka.

Ili pansi pa mango pomwe paja, itafunditsidwa lona, handibuleki yosakoka, matayala atatsekedwa ndi miyala, ndipo mphaka wa amayi anamusamutsira komweko. Batire tinabweza kwa eni ake n'kugula lathu, limene limagona m'nyumba. Loweruka lililonse mlongo wanga amakapempha kiyi, amaona oyilo ndi madzi, amasuzumira ngati makoswe abwerera, n'kuiliza mpaka itenthe. Akatero amanditumizira voice note. Salankhulamo chilichonse, imangokhala injini, masekondi makumi atatu, nthawi zina tambala akulira chapatali. Ya sabata yatha ndinaimvetsera ndili mu minibasi pa Kanengo, ndipo chakumapeto kwake kukumveka mawu a amayi akumuuza kuti azimitse, mafuta ndi odula.